Mganda wa M'matope

Kumtunda uko, m'chigwa cha midzi isanu ndi iwiri, kunali munthu wina woimba ng'oma dzina lake Gelesomu, amene anthu ankamulemekeza ndi mfunda wake kuti aKwenda. Sanali wolemera ayi. Anali ndi munda womukwanira, mbuzi zinayi, mkazi wa pakamwa pakuthwa dzina lake Nangondo, ndi ng'oma yaikulu ya mganda imene anamusiyira amalume ake. Ukamufunsa za moyo ankangoti, "Tikudya, tikugona, ng'oma ikulira. Chinanso n'chiyani?"

Midzi isanu ndi iwiri ija inali ndi mwambo wake. Chaka chilichonse, nkhokwe zikadzaza, dzuwa likafika poswa mtengo, midzi yonse inkasonkhana pabwalo limodzi kuvina mganda. Inkalandirana, chaka chino kuno, chaka chamawa uko, mpaka kuzungulira. Mudzi ukalandira alendo lero, udikirenso zaka zisanu ndi ziwiri. Panalinso lamulo lina losalembedwa koma louma ngati mwala: mvula yodzalira ikangogwa, gule watha. Ng'oma zikwere kudenga, makasu atsike. Mudzi umene wachedwa, mwayi wake wapita kwa anzawo, ndipo palibe kokadandaula.

Poitana alendo sankalemba kalata. Mwini ng'oma wa mudzi wolandira ankapota zingwe za luzi, mudzi uliwonse chingwe chake, n'kumanga mfundo molingana ndi masiku otsala. Kulikonse kumene chingwe chapita, m'mawa uliwonse ankamasula mfundo imodzi. Chingwe chikasalala, valani, lero ndi gule. Ntchito yomanga zingweyi sinali ya afumu, sinalinso ya mpingo. Inali ya mwini ng'oma yekha.

Tsono Gelesomu anali asanamangepo chingwe chibadwire. Amalume ake aja, ause mumtendere, anali munthu wokakamira. Anagwira ng'oma mpaka mano onse kutha m'kamwa, Gelesomu akungowanyamulira mpando. Pamene ankamwalira, mudzi unali utangolandira kumene alendo. Gelesomu anadikira zaka zake zisanu ndi ziwiri. Chaka chitakwana, iye anali chigonere kuchipatala ndi chibayo, ndipo zingwe anamanga munthu wobwereka wa mudzi wina. Anadikiranso. Tsopano mutu unali mbuu, ndipo zala zinali zitayamba kupindika ndi nyamakazi. Iye ankadziwa, ndipo mudzi wonse unkadziwa ngakhale panalibe wonena, kuti zalazo sizidzagwiranso ndodo ya ng'oma pakadzapita zaka zina zisanu ndi ziwiri. Chaka chino chinali choyamba kuti aimbire alendo pabwalo lakwawo, ndipo chinali chomaliza.

Ha, kukonzekera kwake munthuyo! Anagula chikopa cha ng'ombe yamphongo, nachiviika, nachipala, nachikunga pang'oma mpaka ukaigogoda ndi chala chimodzi inkayankha. Bwalo anasesa yekha, zitsa zonse anazula. Ovina anachapa akabudula awo oyera n'kuwasita ndi simbi ya makala. Amayi anaviika chimera cha thobwa. Dzuwa likapendeka, ovina ankaima m'mizere kuyeserera, mabadza ali kukamwa, zipanda zouma zija zimene zimalira ngati njuchi m'phanga la mtengo. Gelesomu ankabwerera kunyumba akuyenda mwa gule.

"AKwenda, mwakula inu," ankatero Nangondo. "Muthyoka chiuno alendo asanafike."

"Chikathyoka mudzandikweze pa wilibala, ng'oma ili pamimba."

Zingwe zinapita ndi mfundo khumi ndi zinayi. Gelesomu anazipereka yekha, mudzi ndi mudzi, akumwetulira ngati mkwati.

Zitatsala mfundo zisanu ndi zinayi, zigawenga zinafika pamsika wa pa Mlatho, ulendo wa theka la tsiku kuchokera m'chigwamo. Linali tsiku la msika, masanasana. Zinawombera anthu osazidziwa, osazilakwira, zinatentha mabenchi ndi magolosale, n'kuthawira kumapiri. Sizinatenge kanthu. Zimene zinadzera n'zoti anthu aope, basi. Anafa anthu khumi ndi anayi, ambiri a kutali. Wa m'chigwamo anali mmodzi, Yotamu wokhoma ndowa, wa m'mudzi wa Gelesomu momwemo. Mkazi wake Nankhwazi, amene ankagulitsa tomato pafupi naye, anapulumuka atabisala kunsi kwa mlatho.

Maliro n'kulirana. Midzi yonse inabwera kudzakhuza. Ng'oma inakhala chete popanda woiuza, mabadza anapachikidwa, ndipo mawailesi anazima. Yotamu anaikidwa. Patapita masiku atatu anameta, achibale akutali anabalalika. Asilikali anamanga msasa pa Mlatho ndipo njira zinatsegukanso. Koma m'midzi isanu ndi umodzi zingwe zinali chipachikire, ndipo anthu ankafunsa kuti, kodi tizimasulabe kapena tileke?

Amuna anasonkhana pambali pa bwalo losesa lija. Woyamba kuima anali kapitawo wa ovina, mwamuna wa magazi otentha.

"Tivine tsiku lomwelo!" anatero. "Tikaleka, zigawenga zapambana. Malemu Yotamu anali wokonda gule, akanafuna kuti tivine. Nawonso mayi aja aiwaleko pang'ono."

Mkulu wina wa mpingo anaima pang'onopang'ono, atatsamira ndodo.

"Manyazi munawasiya kuti? Dothi la pamanda silinaume, inu mukuti akabudula oyera? Chaka chino kulibe gule. Mayi aja akamva ng'oma mtima wawo ung'ambika."

Anakangana tsiku loyamba. Anakangana tsiku lachiwiri. Ena anakokera uku, ena uko, mpaka anthu a mimba imodzi analeka kubwerekana fodya. Aliyense akaima ankati mayi aja, mayi aja. Koma pa onsewo panalibe ndi mmodzi yemwe amene anakhalapo pakhomo pa Nankhwazi chichokere pa kumeta. Sikuti anali ankhanza ayi. Ulemu ndi umene unkawaletsa. Kwawoko nkhani ya gule sipita kusiwa, nyumba ya maliro. Munthu woleredwa bwino sangakafunse namfedwa za ng'oma. Ndiye chifukwa cha ulemu umenewo, ankamuyankhira ali kutali.

Potsiriza maso onse anatembenukira kwa Gelesomu, pakuti chingwe chinali chake.

Gelesomu anali pa moto. Kapitawo akamalankhula, mtima wake unkavina, ndipo ankachita manyazi chifukwa ankadziwa chimene ukuvinira. Sunkavinira kulimba mtima pamaso pa zigawenga ayi, unkavinira tsiku lake. Mkulu wa mpingo akamalankhula, ankagwedeza mutu movomera, komanso ankadzidziwa kuti akungofuna anthu amuone ngati munthu wa chisoni. Kulikonse kumene ankatembenukira ankapezako Gelesomu yemweyo. Munthu sadziweruzira mlandu wake.

Anatumiza mawu ku midzi kuti aleke kumasula, adikire zingwe zatsopano. Kenako anapota chingwe chimodzi chachitali, chopanda mfundo, nauza mkazi wake kuti m'mawa apita kwa Nankhwazi.

"Kusiwa ndi nkhani ya gule?" anakuwa Nangondo. "Mutiyalutsa, bambo inu! Anthu adzati aKwenda apenga nayo ng'oma."

"Anene. Ndiperekezeni, sindingapite ndekha kwa mayi wamasiye."

Nangondo analongolola mpaka nkhuku kuthawa pakhomo. Koma m'mawa anali woyamba kuvala, ndipo anasenza mtolo wa nkhuni ndi kambale ka ufa.

Anamupeza Nankhwazi atakhala pa mphasa kukhonde, mutu wometa ataufunda mpango. Anaodira, anapatsidwa pokhala, anapatsana moni wa pansipansi. Anakamba za kutentha. Anakamba za mbuzi. Kenako Gelesomu anatulutsa chingwe nachiika pa mphasa.

"Mayi, ndabwera ndi nkhani yopanda ulemu. Mukandithamangitsa ndipita. Kubwaloku anthu akukangana za mganda. Ena akuti inu mukufuna tivine, ena akuti inu simukufuna. Ine ndaona kuti pakamwa muli napo. Ndisakunamizeninso: ine gule ameneyu ndikumufuna, ndikumufuna kuposa chakudya. N'chifukwa chake sindingamange chingwe ndekha. Nachi. Mukafuna, mangani masiku amene mukuwaona inu. Mukapanda kufuna, chiponyeni pamoto, nkhani ithere pomwepo."

Nankhwazi anachiyang'ana chingwecho. Nangondo anali atazyolika, akuyembekeza kutukwanidwa.

"Tsiku lija pamsika panali anyamata a ng'oma, otsatsa sopo," anatero Nankhwazi. "Ng'oma zinali kulira pamene mfuti zinayamba. Zonse zinalowa m'makutu mwanga pamodzi. Ndinaona ndowa za abambo akwathu zikugubuduka zokha. Chiyambire tsiku limenelo, mwana akangogogoda chigubu, miyendo yanga imafuna kuthawa."

Gelesomu anatambasula dzanja kuti atenge chingwe chake. Mayiyo anachipanikiza ndi chikhatho.

"Dikirani, aKwenda, sindinathe. Nayenso chete ameneyu wandikwana. Ndikafika pa mjigo amayi amaleka kuseka. Ana akandiona amabisa mpira. Mudzi wonse ukunong'ona ngati ndasenza bokosi pamutu. Anandiphera mwamuna, tsono andiphere ndi mudzi womwe?"

Atatero anatenga chingwe nayamba kumanga.

Sanafulumire. Mfundo iliyonse ankayamba waigwira pakati pa zala ngati akuifunsa, kenako n'kumanga ina. Gelesomu ankawerenga chamumtima. Zitakwana khumi, mtima unali m'malo. Zitakwana makumi awiri, anasuzumira kumwamba, kumene mitambo inali itayamba kale kusonkhana masana n'kubalalika madzulo. Zitakwana makumi atatu, anaweramitsa mutu. Mayiyo ankamangabe. Anaima pa makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu.

"Pamenepa mwina ndingaimve osathawa," anatero. "Mwina. Ndikudziwa kuti mvula ikhala itagwa, aKwenda. Pepani."

Aliyense m'chigwamo ankadziwa kuti mvula sidikira masiku ochuluka chotero. Koma Gelesomu anati:

"Musapepese, mayi. Ndinabwera kudzafunsa. Sindinabwere ndi yankho m'thumba."

Kunatsala ntchito yokopera chingwecho pa zingwe zisanu ndi chimodzi za midzi ija. Tsiku lotsatira Nangondo anapita kuchigayo, ndipo Gelesomu anakhala yekha pansi pa mtengo wa mango, chingwe cha Nankhwazi pabondo, luzi pambali. Anamanga mfundo khumi. Anamanga makumi awiri. Pa makumi awiri ndi ziwiri zala zinaima zokha.

Abale anga, mdierekezi sabwera ndi nyanga. Amabwera ndi nzeru. Ndani m'midzi ina anachiona chingwe cha Nankhwazi? Palibe. Masiku makumi awiri ndi awiri si ochepa, ndi ulemu ndithu. Mvula ikhoza kukhala isanagwe. Mayiyo satuluka m'mudzi, ndipo tsiku likadzafika adzangouzidwa kuti midzi inasokoneza kuwerenga, alendo afika kale, tingawabweze bwanji? Ndiponso iye mwini anati mwina. Munthu ungataye zaka zonse zodikira chifukwa cha mwina?

Gelesomu anadula chingwecho ndi mano pa mfundo ya makumi awiri ndi ziwiri. Anachiika pambali pa cha Nankhwazi. Chinali chachifupi, chooneka bwino, chopepuka kunyamula.

Anakhala akuziyang'ana zonse ziwiri. Mfundo zake zinali zofanana, zoyalana bwino, ntchito ya katswiri. Za mayi uja zinali zokhotakhota, zina zothina kwambiri, zina zomangidwa kawiri pamene chala chinaterereka. Anaona kuti zimene ankafuna kudulazo, khumi ndi zisanu ndi imodzi zomalizirazo, ndi zimene zinali zothinitsitsa.

"Ukaba mbuzi umabweza mbuzi," anadziuza. "Nanga masiku a munthu wolira ukaba, ubweza chiyani?"

Chingwe chachifupicho anaponyera mbuzi, ndipo mbuzi sinafunse mafunso. Kenako anamanga zingwe zisanu ndi chimodzi, chilichonse mfundo makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu, kuchotsapo masiku awiri amene ntchitoyo inamudyera. Zala zinatupa. Anazipereka yekha monga poyamba, ndipo kulikonse ankanena mawu omwewo: "Masiku awa sindinamange ine. Wamanga ndi namfedwa."

Kapitawo anakwiya kuti gule waphedwa. Mkulu wa mpingo anakwiya kuti gule akadalipo, ndiponso kuti munthu wamkulu wakalankhula za ng'oma kusiwa. Chiyambire mkangano uja, aka kanali koyamba kuti awiriwa agwirizane pa chinthu chimodzi, choti aKwenda alakwa.

Koma chodabwitsa n'chakuti Gelesomu ankagona tulo. Ankadya bwino. M'mawa ankamasula mfundo yake, n'kupaka chikopa cha ng'oma mafuta a nsatsi kuti chisang'aluke, n'kupita kumunda akuimba mluzu. Ovina atasowa chochita ndi miyendo yawo, anapita kukapanga mizere m'munda wa Nankhwazi, ndipo poti chizolowezi sichimva, makasu ankakwera pamodzi n'kutsika pamodzi, kapitawo ali patsogolo akuwerenga. Thobwa loyamba lija linali litapsa kale, ndiye analimwera kumundako. Pa mjigo amayi anayambanso kuseka, poyamba mobisa pakamwa, kenako poyera, atamva kuti mwiniwake ndi amene wadandaula za chete.

Mvula inagwa zitatsala mfundo khumi ndi imodzi.

Inabwera masana, ndi mphepo yonunkhira dothi. Sinali ya chizimalupsa yongozimitsa fumbi ayi, inali yeniyeni yodzalira, yodzaza migula. Gelesomu anakhala pakhonde akuyang'ana madzi akuyenda pa bwalo limene anasesa. Zinamupweteka. Tisabise, munthu wamkuluyo analira, misozi chuchuchu, ngati mwana wolandidwa chimanga chootcha.

Nangondo anamusiya alire. Kenako anabwera ndi lichero la mbewu naliika pamiyendo pake.

"Walira mvula walira matope, aKwenda. Munapita ndi miyendo yanu kukafunsa. Tsono sankhani mbewuzi, mawa tidzala."

Anasankha mbewu. Anadzala. Midzi inayi inatumiza mawu aulemu akuti lamulo ndi lamulo, ng'oma zakwera kudenga, tidzaonana chaka chamawa pabwalo la mudzi wotsatira. Gelesomu sanawaimbe mlandu, pakuti chimanga sichidikira gule. Koma yake ng'oma sanaikweze. Nangondo atamufunsa, anati, "Mayi uja anatchula tsiku. Kaya kubwera anthu atatu, akandipeze pabwalo."

Tsiku linafika. Kunabwera midzi iwiri yokha, nayonso theka la anthu, masana atachoka kuminda. Bwalo linali phala lokhalokha. Akabudula oyera aja anada asanayambe n'kuvina komwe. Ng'oma inali itamwa chinyezi, ndipo ukaimenya inkalira ngati dzungu. Anasonkha moto wa zitsononkho naiwamba, naiwambanso, mpaka inayamba kukumbukira mawu ake. Zala za Gelesomu, chifukwa cha kuzizira, zinakana kufumbata ndodo. Nangondo anang'amba m'mphepete mwa chitenje chake namangirira ndodoyo kudzanja, akung'ung'udza kuti chitenjecho chinali chatsopano.

Ovina ataima m'mizere, Nankhwazi anatulukira.

Sanalowe pakati pa amayi anzake, ngakhale anamuyalira mphasa. Anaima kumapeto kwa bwalo, pamene panayambira njira yopita kwawo, atagwira mtengo. Gelesomu anaona kuti nkhope yayang'ana kubwalo koma mapazi ayang'ana kunjira.

Anakweza ndodo. Zaka zonse zija ankalota kuti tsiku limeneli adzaimenya ng'oma mpaka mapiri ayankhe. Koma anaitsitsa pang'onopang'ono, naikhudza chabe. Du. Mayi uja ananjenjemera thupi lonse, nakumbatira mtengo. Koma sanasunthe. Du, du. Gelesomu anaimba motero, mwakachetechete, maso ali pa mapazi aja.

Mganda wake unali wochititsa manyazi. Mabadza ankamveka kuposa ng'oma. Mzere wakumbuyo sunkamva kanthu, ndiye ena ankatembenukira kumanja anzawo akupita kumanzere, n'kumagundana zipanda. Wina anaterereka nakhala pansi m'matope, thapsa! Kapitawo ankamutuzulira maso Gelesomu, akukweza manja kuti bambo, ikwezeni. Gelesomu anachita ngati sakuona. Nyimbo yoyamba inatha. Yachiwiri inafika pakati.

Pamenepo Nankhwazi anausiya mtengo. Sanalowere kunjira. Anadutsa pakati pa bwalo, matope akumufika m'akakolo, kulunjika pa ng'oma. Mabadza anaduka mmodzimmodzi. Ovina anaima. Mkulu wa mpingo anagwedeza mutu ngati akunena kuti, ndinanena ine. Gelesomu anatsitsa dzanja, akudziwa kuti mayiyo akangoti lekani, ng'oma ikwera kudenga ndipo iye sadzaitsitsanso.

Nankhwazi anaima pamaso pake. Mawu ake anatuluka omveka.

"AKwenda, kodi mukuimba ng'oma, kapena mukusisita mwana wodwala? Masiku onse aja ndimadikira zimenezi? Imenyeni. Imenyeni imveke mpaka pa Mlatho, amve kuti tilipo."

Gelesomu anaimenya.

Mayo ine, inalira ng'oma! Nthungululu zinabuka mbali zonse. Mizere inawongoka yokha, mapazi anagwa pamodzi, matope anauluka mpaka pa jekete la mkulu wa mpingo, amene anapezeka akugogoda pansi ndi ndodo yake osadziwa. Dzanja la Gelesomu linkapweteka ngati lili pamoto, ndipo iye ankaseka, mano atatu amene anamutsalira ali pamtunda. Nankhwazi sanavine, sanaimbenso nthungululu. Anakhala pa mpando wa mwini ng'oma pomwepo, pafupi kwambiri mwakuti kulira kwake kunkamugwedeza mpango, ndipo analira poyera mpaka nyimbo yomaliza. Koma sanathawe.

Chaka chotsatira zala za Gelesomu zinakaniratu, ndipo ng'oma anaipereka kwa mwana wa mlongo wake asanachite kumukakamiza. Midzi isanu ndi iwiri yonse pamodzi sanaiimbirepo pabwalo lakwawo, mpaka kufa. Achinyamata akamamuseka kuti mganda wake ndi umene unali wonyansa kuposa yonse m'chigwamo, ankavomera ndi mtima wonse. "Zoona," ankatero, "unali wa midzi itatu ndi matope. Koma amene ndinkamuimbira anabwera."

Tsono inu amene mukundimva. Choopsa chikagwa pakati pathu, timathamangira kukangana: kaya mpira useweredwe, kaya makwaya aimbe, kaya chisangalalo chiimitsidwe. Ena mumati tikaleka ndiye kuti oipa apambana, ndipo simukunama. Ena mumati tikapitiriza ndiye kuti tavina pamanda, nanunso simukunama. Koma nonsenu mumatchula dzina la wolira kuti likuthandizeni kupambana mkangano, chonsecho khonde lake simukulidziwa. Chisangalalo chikhoza kudikira osafa. Chimene sichiyenera n'chakuti amene akufuna tsikulo akhale yemweyo woliweruza. Nyamukani, mukaodire, mukhale pansi, mufunse. Ndipo musanatuluke pakhomo panu dziwiranitu kuti yankho likhoza kukudyerani tsiku limene munalidikira moyo wanu wonse. Ngati zimenezo simungazipirire, khalani kwanu, koma dzina la mayi wamasiyeyo mulisiye, musalitchulenso pabwalo.